Kansalu Kotengera Dothi la Yotamu

Limbani, tatseka chikompyuta chakocho. Sukulu ya pagalasi yaweruka kalekale, ndakumva ukutsanzikana ndi aphunzitsi. Usandiuze "yalla, yalla" ngati ndine bulu wa pangolo, khala apa, mwamuna wanga wopanda ndevu iwe. Nawe Tiyamike, mkazi mnzanga, tuluka kuseri kwa katani, zala zakumiyendo zikuoneka. Sindikukalipira ayi. Wandifunsa funso m'mawa muja, ndiye ndati ndisakwere ndege mkucha ndisanakuyankhe.

Wapeza kansalu koyera mu sutikesi yanga, n'kukafunsa amako ntchito yake. Iwo sadziwa kunama, akuuza zoona: kuti ndi kokamangira dothi la pamanda a bambo ako, kuti ndiwatenge ndipite nawo ku Malawi. Ndiye wabwera, manja m'chiuno, n'kuti, "Agogo, mukawatenga adadi, ife titsala ndi ndani?" Funso limeneli si lachilendo m'makutu mwanga. Ndidalimvapo ndili msinkhu wa Limbani, likuchokera pakamwa pa kamwana kena konga iwe. Koma kuti mumvetse, ana inu, ndiyambe ndi munthu amene bambo anu adatengera dzina.

Yotamu woyamba adali amalume anga, mlongo wawo wa amayi anga. Inu aliyense mumangoti ankolo, ngakhale mlonda wa pageti, koma kwathu malume ndi munthu wamkulu, ndiye mwini mbumba. Iwo adali telala ku Halale. Itamwalira mfumu ya kwathu, kuseri kwa mapiri a Dedza, adabwera kudzalira maliro, osadziwa kuti amayi akuluakulu a pamtundu adali atagwirizana kale za iwo. Kwathu ufumu sachita kufunsira ngati ntchito ya kuno, amachita kugwira. Akuti atamva mphekesera adakabisala m'nkhokwe ya mtedza, koma adali wamtali ngati mlongoti, miyendo idawaulula. Adawatulutsa akulira, makoko a mtedza ali m'mutu.

Musaganize za mfumu ya maso ofiira ndi mawu a bingu. Amalume ankaopa bilimankhwe, ankaopa jakisoni, ndipo pamaliro ankalira kuposa amayi. Makina awo osokera adabwera nawo, n'kuwaika pakhonde, milandu yambiri ankaimva akusoka. Munthu akamafotokoza, makina ankangoti kwetekwete, iwo maso ali pansalu. Koma akamva bodza, phazi linkaima. Anthu ankaopa chete wa makina amenewo kuposa kukalipa kwa wina aliyense. Ine ndinkakhala pansi pawo kutolera tizidutswa ta nsalu tosokera zidole za zitsononkho, chifukwa ife tidalibe zidole zoyankhula Chingelezi ngati zako, Tiya.

Kenaka zidafika zaka za chitaganya. Azungu adafuna kumanga dziko lathu, dziko la amayi anu la Zambia, ndi la Halale mtolo umodzi, chingwe chake agwire iwo. Pamwamba pa izo adabweretsa malamulo a malimidwe. Alangizi ankayenda m'minda ndi amesenjala a zipewa zofiira, kukakamiza anthu kuunda migula yotchinga madzi a mvula. Migula payokha si yoipa, lero timaunda tokha popanda wotiuza, koma nthawi imeneyo inkabwera ndi chikoti. Wolephera ankamuzulira mbewu, kumulipitsa, mwina kumutsekera kumene. Adagwira ngakhale gogo wina wamasiye amene sankatha kuwerama, n'kumuyendetsa pansi mpaka kuboma.

Milandu yotereyi ankafuna kuti amalume aziweruza pabwalo lawo. Iwo adakana. Adali ataona moyo wa munthu wakuda ku Halale, kumene ankayenda ndi chitupa m'thumba ngati ng'ombe ya chizindikiro, kupatukira mzungu m'njira. Ankati, "Ndidalawa kale ndiwo zimenezo, sindingapakulire ana anga." Anthu adawapatsa dzina lakuti Kanamigula, achinyamata n'kumaliimba pobwera kudambo. Iwo akalimva ankachita manyazi, n'kuwerama kumayang'ana ulusi.

Ataitanidwa kuboma, madzulo ake ndidawaona atayala mkanjo wa ufumu pa makina. Unali mkanjo umene boma linkapatsa mafumu ake. Udali utathetheka m'khwapa, iwo n'kuusoka bwinobwino, n'kundituma makala a m'simbi, n'kuusita mpaka kuwala. Ine ndinkayesa akufuna akaoneke bwino. Amene adapita nawo ndiwo adatiuza zotsala. Akuti mzungu wa paboma atawafunsa ngati adzamvere, amalume adavula mkanjo uja, n'kuupinda monga apindira atelala, n'kuuika patebulo. Adati, "Bwana, chovala chanu ichi. Pamene padang'ambika ndasoka, simundilipira. Koma anthu aja si anu, si anganso, sindingakupindireni." Akuti mantha adali nawo ndithu poyankhulapo, aliyense ankaona. Ine ndimati kulimba mtima kwenikweni n'kumeneko.

Lole idabwera nthawi yokolola, mapesi ali mbwee m'minda. Amalume adali pa makina, akusoka diresi langa la kusukulu. Adapempha apolisi kuti adikire alumikize mkono umodzi umene udatsala, iwo adakana. Adadzuka, n'kundisisita m'mutu, n'kuti, "Usalivale chonchi, anzako angakuseke. Ndidzamaliza." Sadaloledwe kutenga kanthu koma bulangete. Amayi adamaliza diresi lija pamanja, msoko wake wokhotakhota ngati njira ya mbuzi, ndipo ndidalivala mpaka lidandithina.

Adawapititsa kuchigwa, kumunsi kwenikweni kwa Shire, n'kuwalamula kuti asadzapondenso kwawo. Munthu wa kumapiri, wozolowera chisanu chothyola zala, kukamutaya kumene dzuwa limaphika dzira pamchenga! Inu mumadabwa kuti kutentha kwa Dubai sikundiopsa. Ndidakulawa kale ndili mwana, ndiponso kudalibe makina oziziritsa m'nyumba ngati awa akundibaya m'mafupawa. Abale adasonkherana n'kuwatumizira makina awo pasitima. Zaka zidapita, tinkangomva za m'maluwa, kuti akusoka pansi pa mtengo pamsika. Ufulu utatsala pang'ono kufika, munthu wina wogulitsa nsomba zouma adafika pakhomo, n'kuvula chipewa. Malungo adali atawatenga, ndipo adali ataikidwa kale komweko.

Tsono mverani bwino apa. Pamtundu pathu, munthu akagona kutali sitimusiya. Ngati thupi silingabwere, mmodzi wa magazi ake amapita kukatapa dothi la kumutu kwa manda, n'kulimanga m'kansalu koyera. Akangomanga mfundo, munthuyo sayankhulanso ndi wamoyo aliyense mpaka kufika kumudzi. Sapereka moni, sayankha moni, ndipo sacheuka, chifukwa akacheuka malemu aja amayesa kuti akuwauza kubwerera. Amayankhula ndi iwo okha basi, kuwauza njira: tikukwera, tikutsika, tikuwoloka mtsinje wakuti. Paja mzimu suwoloka madzi usanauzidwe. N'chifukwa chake amayenda ndi mnzake womuyankhulira. Mbumba idasankha amayi anga, a Elube, kukatenga mlongo wawo, ndipo womuyankhulira ndidali ine, poti ndinkatha kuwerenga mayina a masiteshoni.

Tidatsika phiri wapansi mpaka ku Golomoti, kamba wathu ali chimanga chokazinga, mbatata yootcha ndi thobwa m'chipanda. Inu mukakwera sitima ya kuno yopanda woyendetsa mumadandaula kuti mulibe pokhala. Yathu idali ya malasha, mipando yathabwa, nkhuku pansi, mwaye m'maso. Ukasuzumira pawindo unkabwerako uli bii ngati mphika. Koma ine ndinkasangalala, mwana sadziwa ulendo wa maliro. Ndinkawerenga zikwangwani mokweza kuti anthu onse adziwe kuti ndine wa sukulu.

Kuchigwa kuja tidapeza zimene munthu wa nsomba sadatiuze. Amalume adali atakwatira mayi wina wachisena, wodekha, wamaso achisoni, ndipo adali ndi kamwana kakakazi ka msinkhu wako, Tiya. Titafunsa dzina lake, mayi uja adati, "Elube." Amayi anga adakhala pansi pomwepo padothi. Mlongo wawo adali atapatsa mwanayo dzina lawo kudziko la eni, kuti aziliitana tsiku ndi tsiku. Adatilandira bwino anthu aja. Adatiphikira nyika, tija timamera m'madzi, ndi mlamba wowamba. Kamwana kaja sikadachedwe kundizolowera, kadandigwira dzanja kukandionetsa makina a bambo ake, kenaka manda. Padali posesedwa bwino, ndipo kadandiuza monyadira kuti kamasesa kokha m'mawa uliwonse. Mayi uja adafuna kutipatsa makina, amayi adati ayi, asiyeni adyetse mwana.

M'mawa mwake tidapita kumanda. Amayi adagwada kumutu, n'kutapa dothi, n'kunena kuti, "Achimwene, ndine Elube. Dzukani, tizipita kwathu." Adamanga mfundo, n'kuimirira, n'kuyamba kuyenda. Kamwana kaja, kamene kadabwera ndi tsache lake, kadamva zonse. Kadathamanga, n'kugwira chitenje cha amayi, n'kumafunsa m'Chisena chake chimene ngakhale ine ndidachimva: mukupita nawo kuti baba? Ine nditsala ndi yani? Amayi sakadatha kuyankha, sakadatha kucheuka. Kadakoka chitenje mpaka kutsala pang'ono kuwavula, iwo maso ali kutsogolo.

Woyankha ndidayenera kukhala ine. Koma kumudzi adandiphunzitsa kuyankha moni, kugula tikiti, ndi kuuza anthu kuti amayi ali paulendo wa malemu. Za funso limenelo palibe adandiuzapo.  Kadatilondola mpaka pasiteshoni, mayi ake akukagwira, iko kakupulumuka. Sitima itanyamuka ine ndidacheuka, poti ine ndinkaloledwa. Kadali chiimire pambali pa njanji, tsache lake likadali m'manja. Amayi misozi inkangotsika, osaipukuta, manja onse atafumbata kansalu. Mawu oyamba amene ndidawamva adali pa mlatho wa Chiromo: "Achimwene, tikuwoloka Shire."

Kumudzi adatilandira ngati tabwera ndi mvula. Anthu adadzaza njira, ng'oma zidalira, kansalu kaja adakakaika kumsitu kumene kumagona mafumu, mowa n'kuphikidwa. Aliyense ankati Elube wagwira ntchito, Kanamigula wabwera kwawo. Ndipo n'zoona, mudzi udapuma. Koma amayi anga sadapume. Patapita zaka adatuma munthu kukafunafuna mwana uja, n'kupeza kuti madzi osefukira adabalalitsa mudzi wonse, palibe wodziwa kumene adalowera. Mpaka ukalamba wawo, tikamatongola chimanga, ankangoyamba okha: "Mudzi tidaukondweretsa, koma mwana uja bambo ake adamufera kawiri, kachiwiriko ndi manja angawa."

Ufulu udabwera, mbendera idakwera. Ena amene adalimbana ndi atsamunda mayina awo ali pamisewu ndi pamasukulu, ndipo sindiwachitira nsanje, adavutikadi. Koma telala wa m'nkhokwe ya mtedza palibe amamutchula, m'mabuku anu simungamupeze. Ine ndidalibe msewu woti ndiutche dzina. Ndidali ndi mwana mmodzi wamwamuna, wobadwa nditataya kale mtima, ndiye ndidamutcha Yotamu. Adatengera zonse, utali, mantha a jakisoni, ndi misozi yapafupi. Tsiku limene unabadwa iwe Limbani, anandiimbira foni akulira, ine n'kumayesa kwagwa zovuta.

Zotsalazi mukuzidziwa, koma ndizinenabe, chifukwa mukadzakula mudzaiwala zina. Bambo anu anandiitana kuno kuti adzandichotse ng'ala m'diso, ndikuoneninso inu. Ndinati ndikhala pang'ono, paja mlendo ndi mame. Diso litangopola, mliri uja unafika, ndege zonse n'kuima. Tinatsekeredwa m'nyumba ino ya m'mwamba, ine munthu wozolowera kudzuka ndi khasu, n'kumangoyang'ana misewu ya Jumeirah Village Circle ili mbee, popanda ngakhale galu. Ndinkadandaula, koma lero ndimati Mulungu anandibisira mphatso m'menemo. Chichokereni kumudzi ali mnyamata, sindinakhalepo ndi mwana wanga nthawi yaitali chotero.

Iye sanaleke ntchito, chifukwa nyumba yosungira katundu ku Al Quoz kumene ankayang'anira inkatumiza zakudya m'masitolo. Mukukumbukira Lachisanu lina atatenga chitenje changa cha maluwa achikasu n'kuchiduladula? Ndinakalipa mpaka anthu a khomo linalo anamva. Iye akuseka, singano ili pakamwa, akuti, "Amayi, anyamata anga kuntchito mamasiki awathera, chitenje ndidzakugulirani china." Anakhala pamkeka apo masana onse akusoka pamanja. Ndinayang'ana khosi lake litawerama, n'kuona amalume pakhonde paja. Ndinalowa kubafa kukalira, inu n'kumayesa ndikulirira chitenje.

Kenaka chifuwa chinayamba. Anadzitsekera m'chipinda icho, ine n'kumasiya phala pakhomo ngati ndikudyetsa wandende. Ndinkakhala pansi kutsamira chitseko, iye mbali inayo, tikucheza za kumudzi, za mitengo ya mapichesi imene ankati adzabzala. Ndinkamva mpweya wake ukulira ngati mvukuto. Tsiku limene anabwera anthu a ambulansi, atavala zoyera mpaka kumaso, anandiletsa kuyandikira. Polowa mu lifiti anakweza dzanja, n'kuti, "Khalas, basi, amayi, musalire, ana akuona." Mwana amene ndidamubereka kumsana mpaka miyendo yake kumandigunda m'mawondo, anapita ine osamukhudza ngakhale chala.

Maliro ake ndimachita manyazi kuwatcha maliro. Kumanda a akhristu ku Jebel Ali analola anthu owerengeka, ndipo okalamba ngati ine anati tikhale kunyumba. Ndinaonera pafoni, iwe Limbani utaigwira. Kwathu pakadakhala siwa, amayi atagona mbali zonse kundizungulira, amuna panja, adzukulu akukumba, mudzi wonse osapita kumunda. Kuno ndinalira m'pilo kuopa kusokoneza eni nyumba. Komabe anthu ndi anthu. Amwenye a khomo ilo ankasiya mpunga pakhomo n'kugogoda n'kuthawa. Atsikana a kwathu olera ana m'nyumba za eni ku Al Twar anasonkhana pafoni, aliyense ali m'kachipinda kake, n'kumaimba nyimbo za maliro monong'ona kuti mabwana asamve. Sindinamvepo nyimbo yotsika chotero, ndipo sindinamvepo yondifika pamtima chotero.

Tsono kumudzi kuli achimwene anga a Gidiyoni, agogo anu aamuna aja amakuimbirani kamera italoza kudenga. Iwo ndiwo ali pampando wa amalume lero, ndipo akalamba, shuga wawatha. Ufumu wathu umayenda ndi akazi, kuchoka kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wake. Ndiye kuti wotsatira adali bambo anu. Mbumba inkangodikira kuti atope ndi Dubai adzamugwire, ngakhale akadabisala m'nkhokwe. Ndege zitayambanso kuuluka, achimwene anandiimbira. Sanakalipe, ankalira. Anati, "Mlongo, mpando wamuphonya, koma msitu usamuphonye. Yotamu woyamba tidakamutenga. Usabwere chimanjamanja."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinang'amba duku langa loyera la kumpingo, n'kupinda m'mbali mwake. Musandiyang'ane choncho, ndine mkhristu, ndipo Mulungu amene adalola ana a Israyeli kunyamula mafupa a kholo lawo potuluka kudziko la eni sangandikwiyire chifukwa cha dothi lodzaza dzanja. Wondiyankhulira ndinamupeza, Esinati wa ku Ntcheu, mmodzi wa atsikana olera ana aja, amene ntchito yamuthera, tikwera ndege imodzi. Ndinasekanso ndekha kuti masiki andithandiza, palibe adzaone milomo yanga ikuyenda n'kundiyesa wamisala. Amayi anu nditawauza anangoti, m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, "Amama, ni mwana wanu, siningakukanizeni. Manje bana bazayamba futi kulila." Ine ndinamva, koma ndinatseka makutu. Ndinkafuna mwana wanga pafupi, kuti ndizikasesa pamanda pake ndekha.

Ndinatseka maso dala pa zimene ndakhala ndikuona Lachisanu lililonse chitsegulireni mageti a kumanda. Iwe Tiya umanyamula botolo la madzi a mufiriji, n'kukathira pamchenga paja, ukuti adadi akumva kutentha. Umawauza za dzino lako logwedera ndi za mnzako amene anakulanda pensulo. Iwe Limbani umaima patali ngati suli nawo, manja m'thumba, koma ndimaona milomo yako ikuyenda kuseri kwa masiki. Ndiye m'mawa muno mkazi mnzangayu waima pamaso panga ndi funso lake, ine n'kuona tsache lija pambali pa njanji. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndinkayesa mwambi umenewu umanena za ena.

Masana ano, inu muli pa sukulu yanu, ndawaimbira achimwene. Ndati, "Achimwene, ndikubwera, koma ndikubwera ndekha."

 Iwo akuti, "Nanga anthu ndikawauza chiyani, mlongo?"

Ndati, "Mukawauze kuti Yotamu akulera ana. Akamaliza abwera."

"Adzati wataya mwambo."

"Anene. Kodi mwaiwala zimene amayi ankanena potongola chimanga?"

Sanaiwale. Ndawamva akufwenthera, kenaka akuti, "Ndiye kuti ine sindidzamulandira." Ndati, "Ngakhale ine, achimwene, kaya." Talira tonse awiri, nkhalamba ziwiri pafoni, mpaka mayunitsi awathera.

Musaganize kuti n'zopepuka, ana inu. Ndikupita kukalowa m'mudzi umene udzandiyang'ana m'manja usanandiyang'ane kumaso. Amayi a pachitsime adzanong'ona kuti Dubai yamudya mutu, wasiya mwana wa ufumu mumchenga wa Aluya. Zimenezo ndipirira, pakamwa pa anthu sipatsekeka. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndidzadzuka m'mawa ndi tsache, popanda poti ndisese. Mtima wanga ukukana mpaka pano, ndipo mukandiona ndikulira pabwalo la ndege musadabwe. Koma ine ndakhala naye zaka zambiri mwana ameneyu, inu mwangomulawa.

Yankho lako ndi limenelo, Tiya. Mutsala ndi adadi anu. Koma tamvera, si zaulere. Dziko lino munthu sakhalamo mpaka kalekale, ngakhale wobadwira momwemo ngati iwe. Tsiku lidzafika, kaya ntchito ya amayi anu yatha, kaya mwakula mwafuna kwina, limene mudzalongedza masutikesi komaliza. Tsiku limenelo musadzawasiye okha kuno. Iwe ndiwe udzatape dothi, kumutu, osati kumiyendo. Udzanene dzina lako, kuti adziwe amene akuwadzutsa. Ukadzamanga mfundo, pakamwa tseke, ndipo ndikudziwa kuti kwa iwe imeneyo ndiyo idzakhale ntchito yaikulu, wolongolola ngati wailesi iwe. Limbani adzakuyankhulira. Adzayankhe a pabwalo la ndege m'Chingelezi chake chothamangacho, iwe maso kutsogolo.

Uzidzawauza zonse. Tikukwera ndege, adadi. Tikuwoloka nyanja yaikulu, musaope. Paja ndi amantha, adzafuna kumva mawu ako pafupipafupi. Mukadzatera ku Lilongwe, mitsinje yake ndi iyi, ndipo muyisunge pamtima, osati pafoni, foni imatha moto: Lingadzi, Lilongwe, Nathenje, Diamphwe, Linthipe. Tanenani. Ayi Limbani, si "Dayamfwi", ukuyankhula ngati uli ndi mbatata yamoto m'kamwa. Diamphwe. Eya, choncho. Mukadzawoloka Linthipe n'kuona mapiri, udzawauze kuti tafika, ngakhale adzakhala atadziwa kale ndi kamphepo kake.

Mukadzandipeza ndili moyo, inshallah monga munenera kuno, ndidzakuchingamirani pamsewu ndi nthungululu, ngakhale mano adzakhale atatha. Mukadzapeza ndagona, akuluakulu adzafuna kupita nako kansaluko kumsitu wa mafumu, pafupi ndi Yotamu woyamba. Musadzakane, ndi malo ake. Koma musanapereke, mudzapatukire pamene adzandiike ine, mudzamasule pang'ono, mudzandithireko kadothi kodzaza chikhatho chako, Tiya. Kumutu.

Bwera Tiya, tambasula manja. Kansalu aka n'kako. Ukasunge pamene umasunga dzino lako lija, ndipo usadzapukutire mamina, ndi duku la kumpingo limeneli. Mawa m'mawa tipitabe kumanda monga tinapangana, udzaze botolo lako la madzi. Ine ndikukangotsanzika, ndimuuze kuti chitenje changa cha maluwa achikasu sanandigulirebe. Ndipo poti sindinyamula kanthu, palibe wondiletsa kucheuka. Mukandigwire dzanja, wina uku wina uku, muzikandiyendetsa, chifukwa ine ndikhala ndikuyang'ana m'mbuyo mpaka pageti.